Ndani Alipira Nyali za Panyanja?

Ana inu, dziko lathu la Zambia liri kutali ndi nyanja yamcere, motero ambiri a inu simunaonepo nsanja ya nyali. Imeneyi ndi nyumba yaitali yomangidwa pa thanthwe kapena pa gombe, ndipo pamwamba pake pamayaka nyali yaikulu yocenjeza zombo usiku kuti zisagunde miyala.

Tsono taganizani. Mai wogulitsa tomato pamsika angathe kumana munthu wosalipira. Koma kuwala sikumanika: combo ciri conse codutsa cimakuona, cilipire cisalipire. Nanga ndalama zolipira amisiri, alonda ndi mafuta zicokera kuti?

Angelezi anapeza nzeru. Sanathamangitse zombo panyanja ai, anazidikira padoko. Combo cikakoceza, okhometsa msonkho anali kuwerenga nyali zimene cadutsa pa ulendo wake, nacilipiritsa monga mwa kukula kwake. Pa nsanja ya Eddystone, kufupi ndi mzinda wa Plymouth, imene Henry Winstanley anaiyatsa mu 1698, msonkho unali peni imodzi pa tani iri yonse. Namondwe wa mu 1703 anaikokolola nsanjayo, ndipo Winstanley anafera momwemo, koma posacedwa inamangidwa ina pa thanthwe lomwelo.

Peni ndi kandalama kocepa, komatu zombo zinali zosawerengeka. Nsanja zina zinali za anthu wamba amene mfumu inawapatsa cilolezo, ndipo ena a iwo analemera koopsa pamene eni zombo anali kudandaula. Mu 1836 nyumba ya malamulo inalola bungwe la Trinity House, lokhazikitsidwa mu 1514, kuti ligule nsanja zonsezo. Yotsiriza inali ya Skerries, pa njira ya zombo zopita ku Liverpool. Inagulidwa mu 1841 pa mtengo wa mapaundi oposa 444,000. Ndalama zonsezo pa kacilumba ka miyala yokhayokha!

Masiku ano ku Britain sawerenganso nyali imodziimodzi. Combo cimalipira monga mwa matani ake, ndipo ndalamazo zimalowa m'thumba limodzi losamalira nyali zonse. Alonda otsiriza anacoka mu 1998. Tsopano nyali zimayaka zokha ndi makina.

Aphunzitsi, onetsani ana pa mapu njira ya mkuwa wathu kufika ku Dar es Salaam. Mwini combo conyamula mkuwawo amaika misonkho ya m'madoko pa mtengo wonyamulira katundu, ndipo amalonda athu amaulipira.