Kusaka mabwinja ndi foni m'manja: njanji ya ku Chiromo ndi doko la ku Nsanje

Ukatsika minibasi pa Bangula n'kufunsa njira ya ku Chiromo, anyamata akabaza amayamba akufunsa ngati uli ndi ndalama ya bwato. Amakufikitsa pamene msewu wathera, pamalo amene anthu akumeneko anapatcha dzina loti Mtayamoyo. Dzinalo lokha linandipangitsa kuika foni m'jumbo ya shuga n'kumanga kawiri.

Ndinapita kukaona njanji imene agogo anga aakazi sasiya kuikamba. Ali mtsikana ankakwera sitima pa Sandama ndi mikoko ya nthochi kupita nayo ku Limbe, ndipo nthawi zina ankatsikira kumunsi kukagula nsomba zouma. Ine ndinabadwa sitima itasiya kale kufika ku Nsanje. Ndiye tsiku lina nditatopa ndi kuona zithunzi za mabwinja a kunja pa Instagram, ndinadzifunsa kuti kodi ife tilibe athu?

Kunjako, kuyendera ndi kujambula malo osiyidwa amakutcha urbex. Anthu amapita ku Pripyat, mzinda wa ku Ukraine umene anthu onse anasamutsidwamo mu 1986 ngozi ya Chernobyl itachitika. Ena amapita ku Kolmanskop m'dziko la Namibia, kumene mchenga wa m'chipululu unalowa mpaka m'zipinda za anthu amene ankakumba dayamondi. Ku Detroit, siteshoni ya Michigan Central inatsekedwa mu 1988, n'kukhala zaka zoposa 30 ikujambulidwa ngati bwinja mpaka kampani ya Ford inaikonza n'kuitsegulanso mu 2024. Ife mawu tili nawo kale: bwinja, pamene panali mudzi koma anthu anachokapo. Kumudzi ankatiletsa kusewerapo. Pano tikulipira thiransipoti kuti tikapaone.

Njanji ya kumunsi kwa Shire ndi mayi wa njanji zonse m'Malawi muno. Inayambira ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, n'kudutsa pa Chiromo, kukwera mapiri a Thyolo mpaka kufika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, unatsegulidwa pa mtsinje wa Zambezi, ndipo katundu anayamba kuyenda pa sitima kuchoka kuno mpaka ku doko la Beira osatsitsidwa. Tiyi, fodya, thonje, zonse zinkadzera njira imeneyi. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inadula njirayo m'zaka za m'ma 1980. Kenako mu 1997 madzi osefukira anakokolola mtumbira wa njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula, ndipo kuyambira pamenepo sitima yochokera ku Limbe inkathera pa Makhanga. Madzi a mu Januwale 2015 anadzamaliza zotsalazo.

Zimenezi ndinaziwerenga ndisananyamuke. Koma kuwerenga ndi kwina, kuima pa mlatho wa Chiromo ndi kwinanso. Zitsulo zake zachita dzimbiri lofiirira ngati dothi la ku Thyolo, Shire akudutsa pansi mwakachetechete, ndipo anthu akungoyendapo ndi njinga zawo, mitolo ya nkhuni, madengu a mbatata, ngati palibe chachilendo. Ine ndiye ndinali chachilendocho. Ndinagwada pakati pa njanji kufuna kutenga chithunzi chija aliyense amachifuna, mizere iwiri ikukakumana patali. Mkulu wina wokankha njinga anaima n'kundiyang'ana kwa kanthawi.

"Mwana wanga, mwataya chiyani pamenepo?"

Nditawauza kuti ndikujambula njanji yakufa, anaseka, koma sikunali kuseka kosangalala. Anandiuza kuti kwa iwo njanjiyo ndi mtengo wa mchere ndi sopo umene unakwera sitima itasiya kubwera, ndiponso ndalama ya bwato imene amalipira nthawi iliyonse akafuna kufika pa Bangula. Ndinachita manyazi. Ndinali nditakonza kale mawu oti ndilembe pansi pa chithunzi, a Chingerezi okoma bwino onena za kukongola kwa zinthu zoiwalika. Sindinawalembe.

Apa m'pamene mabwinja athu amasiyana ndi a pa Instagram aja. Kwathu kuno malo osiyidwa ndi boma kapena kampani sakhala opanda anthu. Nyumba ya siteshoni imene denga linasasuka, wina amasungiramo chimanga. Khonde la sitolo yakale ya Amwenye ndi shopu ya telala. Chitsanzo chachikulu chili kwa anansi athu ku Beira: Grande Hotel, hotela yapamwamba imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 n'kutsekedwa mu 1963, lero ndi mudzi wa anthu oposa chikwi. Amene amapita kukajambula makoma ake okha, n'kumapewa ana ndi zovala zoyanikidwa, amabwerako ndi bodza lokongola. Amene amaloza kamera pa anthu osapempha nayenso walakwa. Choncho umayamba ndi moni. Umafunsa a mfumu kapena mlonda, umanena chimene wabwerera, ndipo akakana umabweza foni m'thumba basi.

Tsiku lachiwiri ndinapitirira ku Nsanje boma kukaona bwinja lina, laling'ono pa msinkhu kuposa ine. Doko la Nsanje World Inland Port linatsegulidwa mu Okutobala 2010 ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Maganizo anali oti katundu azidzera m'madzi kuchoka ku Chinde, ku gombe la nyanja ya mchere, kukwera Zambezi ndi Shire. Boti lonyamula feteleza limene linkayembekezeka pa mwambowo linagwidwa ndi akuluakulu a ku Mozambique, amene anati pafunika kaye kafukufuku wa zachilengedwe. Chimene chilipo lero ndi chikhoma cha konkire m'mbali mwa mtsinje, udzu, ndi asodzi. Kunena zoona, doko limeneli linandikhudza kuposa mlatho uja. Mlatho unagwirako ntchito, uli ndi nkhani za anthu amene anadutsapo. Dokoli ndi bwinja la mudzi umene sunakhalepo n'komwe. Ena mwa ife tinali ku pulayimale pamene wayilesi inkalengeza za tsikulo.

Za kajambulidwe sizofuna digiri. Foni yanga ndi ya mtengo wapakatikati ndipo inakwanitsa. Ku chigwa cha Shire dzuwa la masana limaphwetsa chithunzi, chilichonse chimaoneka choyererako, komanso foni imatentha mpaka kudzizimitsa yokha. Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa likungotuluka kapena chakumadzulo, pamene kuwala kumabwera cham'mbali n'kuonetsa zikang'a za dzimbiri ndi ming'alu ya khoma. Pukutani diso la kamera ndi malaya, chifukwa thukuta la m'thumba limaika chifunga pa chithunzi. Zoom musiyeni, yandikirani ndi miyendo. Ndipo musamangotenga chinthu chonse: zithunzi zanga zimene anthu anazikonda kwambiri ndi za mutu wa bawuti, ndi kamtengo kamene kanamera pakati pa zitsulo. Yang'anani m'mbali mwa njanji, nthawi zambiri pamakhala zilembo zosindikizidwa za fakitale ndi chaka chimene chitsulocho chinapangidwa. Mukazipeza, jambulani. Chimenecho ndi chiphaso chobadwira.

Zoopsa zilipo ndithu, ndipo si mizimu. Mu Shire muli ng'ona, ndiye zoimirira m'mphepete mwa madzi kufuna selfie zisiyeni. M'nyumba zosiyidwa mumakhala njuchi, mavu, mileme ndi njoka. Matabwa odyedwa ndi chiswe amaoneka olimba mpaka utapondapo. Ine malata akale anandicheka pachigongono ndikulowa pawindo m'malo mozungulira kukhomo, ndipo ulendowo unathera pa jakisoni wa kafumbata. Valani nsapato zotseka, pitani awiri, ndipo wina kunyumba adziwe kumene muli. Nyengo ya dzinja ku Nsanje ndi Chikwawa musapite n'komwe. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Marichi 2023 safunika kuuzidwa. Chinanso, si njanji iliyonse yomera udzu imene ndi yakufa. Chigawo cha Marka mpaka Bangula boma linayamba kuchikonzanso, ndipo pamalo antchito sipoyenera kulowa chilowelowe.

Funso limene landivuta kwambiri ndi lakuti nditchule malo kapena ayi. Mlatho wa Chiromo aliyense amaudziwa, palibe chobisa. Koma pali timasiteshoni tina tating'ono, ndi nyumba zina za m'maesiteti, zimene zidakali ndi zitseko, mafelemu ndi zitsulo zake chifukwa choti ndi ochepa amazidziwa. Ogula zitsulo zakutha amayenda ndi sikelo paliponse masiku ano, ndipo nawonso ali pa Facebook. Chithunzi chokhala ndi malo enieni chimatha kukhala kalozera wa munthu wobwera ndi sowo usiku. Ine ndinasankha kutchula boma lokha. Komanso sindinatole kanthu, ngakhale kabawuti kamene kanandikopa. Malo ena, monga Fort Lister pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, linga limene Angerezi anamanga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo, ndi otetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo kuchotsapo chinthu ndi mlandu.

Nditabwerera ndinapita kwa agogo ndi foni yodzaza. Ndinawaonetsa mlatho, chithunzi chimene ndinagwadira chija, chimene chinapeza ma like ambiri kuposa china chilichonse chimene ndinaikapo. Anachiyang'ana pang'ono n'kundiuza kuti ndipitirize. Anadzaima pa chithunzi china chimene ndinatsala pang'ono kuchifufuta chifukwa chinapendekeka, cha kakhonde kogumuka ndi mtengo wa mango kumbuyo kwake. Anandiuza kuti ndichikulitse ndi zala. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati pansi pa mtengo ngati umenewo ndi pamene amayi ogulitsa nsomba ankakhala, ndipo sitima ikachedwa onse ankagona pomwepo, chitenje chimodzi anthu atatu. Anandifunsa ngati mpopi wa madzi udakalipo kuseri kwake.

Kuseriko sindinazungulireko. Ndawalonjeza kuti ndikapitanso mu Julayi, kukazizirako, ndikayambira kumeneko.