Sikani ya M'ndege Yonyamula Ovulala

Anzanga, ambirife tikamva mawu akuti "sikani" timaganiza za amayi oyembekezera. Koma masiku ano makina omwewo alipo ang'onoang'ono, okwana m'chikwama, ndipo madokotala amakwera nawo mu helikopita zothamangira anthu ovulala pangozi. Ku London ndege yotere inayamba ntchito mu 1989, ndipo imatera padenga pa chipatala cha Royal London.

Ine chinandikopa ndi chakuti nkhaniyi ndi Physics yathu yomweyi. Khutu la munthu limamva phokoso mpaka 20,000 Hz basi. Loposa pamenepo ndiye ultrasound. Mleme umauluka mumdima osagunda khoma chifukwa umatulutsa phokoso lotere n'kumvera mmene likubwerera. Makinawa amachitanso chimodzimodzi: amatumiza phokoso m'thupi, likagunda chiwalo limabwerera, kompyuta n'kujambula chithunzi. Pakhungu amapakapo jelo chifukwa mpweya umatchinga phokosolo.

Nanga bwanji m'ndege? Eti mu helikopita muli chiphokoso cha injini, moti kachipangizo kaja dokotala amaika m'makutu pomvera pachifuwa sikathandiza kwenikweni. Makina a X-ray nawo ndi olemera. Sikani ndiye imakhala maso a dokotala.

Kuyezaku amakutcha FAST, ndipo kumatenga mphindi zochepa. Dokotala amayang'ana malo anayi: kumanja pakati pa chiwindi ndi impso, kumanzere kuli kapamba, kumunsi kuli chikhodzodzo, ndi mozungulira mtima. Magazi otayikira mkati amaoneka akuda bii pachithunzi. Ambiri amayang'ananso mapapo. Papo labwinobwino limaoneka likutsetsereka kunsi kwa nthiti munthu akamapuma. Likapanda kutero, mwina mpweya walowa m'chifuwa n'kulifinya, ndipo dokotala amaboola pambali pa chifuwa kuti mpweyawo utuluke.

Akaona magazi m'mimba, amaimbira chipatala ndege ili m'mwamba, kuti ochita opaleshoni akonzeke ndiponso magazi omuika akhale pafupi. Zimathandizanso kusankha chipatala choyenera kupita. Komabe sikani siona zonse. Magazi akakhala ochepa akhoza osaoneka poyamba, n'chifukwa chake amabwereza kuyeza.

Apa pali phunziro lathu ife oyenda pa kabaza ndi njinga zamoto tsiku ndi tsiku. Munthu akhoza kugwa, n'kudzuka, n'kudzisasa fumbi, opanda bala lililonse, koma mkati kapamba atang'ambika. Mnzathu akagwa kenako n'kumadandaula m'mimba, chizungulire, thukuta lozizira kapena kupuma movutika, tisamati "apume kaye, ziona mawa". Tisamupatse chakudya kapena chakumwa, tiuze akuluakulu, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo.