Phanga la ku Chinhoyi ndi Nchito ya Dontho la Madzi

Ambiri a ife kuno ku Ntcheu tiri ndi abale amene anapita ku Zimbabwe kukagwira nchito m'migodi ndi m'minda. Mwa zodabwitsa za dziko limenelo muli phanga la ku Chinhoyi, mzinda umene kale unkatchedwa Sinoia, pa mseu wochokera ku Harare kunka ku Chirundu. Mwezi uno tifuna kukusimbirani m'mene phangalo linakumbikira, pakuti palibe khasu limene linagwirapo nchito.

Mwala wa kumeneko ndi wa mtundu wa njereza, mbale wake wa uja amauotcha ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka kuti apeze laimu wopaka nyumba. Akatswiri a miyala apeza kuti unayamba ngati matope pansi pa nyanja, zaka zoposa mamiliyoni 2,000 zapitazo. Mwala wotere uli ndi mdani mmodzi, ndiye madzi. Mvula polowa m'dothi momwe masamba aola imasanduka yowawasa pang'ono, nitsata ming'alu, nisungunula mwalawo pang'onopang'ono monga mchere m'ndiwo. Mng'alu usanduka mpata, mpata usanduka chipinda. Mapanga a ku Chongoni ku Dedza ndi osiyana ndi awa, chifukwa mwala wake ndi wolimba, wosasungunuka chotero.

Ku Chinhoyi denga la chipinda china linagwa kalekale, ndipo linasiya dzenje lalikulu. Pansi pake pali dziwe la madzi obiriwira ngati thambo, lakuya kupitirira mamita 100, ndipo madziwo satentha kapena kuzizira kusiyana ndi madigiri 22, chilimwe ndi dzinja lomwe. Eni dziko amalitcha Chirorodziva. Mbiri yao imati m'zaka za m'ma 1830 gulu la Angoni lopita kumpoto linaponyamo anthu amene linawagonjetsa. Pambuyo pake mfumu Chinhoyi ndi anthu ake ankabisala momwemo pothawa nkhondo ya Amandebele. Mu 1955 boma linaika malowo m'manja mwake kuti asungike.

Madzi amene akumba ndi omwenso amanga. M'mapanga otere dontho liri lonse lisanagwe limasiya kanjereza kochepa ku denga, ndi kena pamene lagwera. Motero kumamera miyala yolendewera ngati nyanga, ina nikwera kuchokera pansi, ndipo zikakumana zimakhala mzati. Sentimita imodzi ikhoza kutenga zaka 100. Mlendo wothyola kachidutswa kuti akaonetse kwao waononga m'kamphindi nchito ya mibadwo yambiri.

Mumdima wa mapanga mumagona mileme. Ambiri timaida, koma mitundu ina imadya udzudzu ndi agulugufe a usiku amene mbozi zao zimaononga chimanga, ndipo ina imathandiza mlambe kubala poyendera maluwa ake usiku. Zitosi zake ndi manyowa abwino, ngakhale fumbi lake likhoza kudwalitsa m'chifuwa, choncho ana asamasewere m'menemo.

Tsono, abale athu, pali mau awiri oti tisunge. Loyamba: pamene pali mwala wa njereza madzi amayenda m'mipata osasefedwa ndi dothi, kotero nyama yakufa kapena zinyalala zotayidwa m'dzenje zikhoza kutulukira pa kasupe amene mudzi umamwapo. Lachiwiri: tilangize anyamata athu kuti asamafukize moto m'mapanga kapena kugenda mileme, pakuti ndiyo alonda a minda yathu pamene ife tiri m'tulo.