Tisadikire kuti chotupa cha patsaya chiyambe kupweteka

Munthu akabwera ndi chotupa patsaya pafupi ndi khutu, ambirife timayamba taganiza za matsagwidi, mwanabere kapena dzino lobooka. Nthawi zambiri timalondola. Koma mwa apo ndi apo chotupacho chimakhala khansa ya tiziwalo topanga malovu. Khansayi siyofala, n'chifukwa chake imazindikirika mochedwa.

Tiziwalo tikuluti topanga malovu tilipo 6, titatu mbali iliyonse: parotid kutsogolo kwa khutu, submandibular pansi pa nsagwada, ndi sublingual pansi pa lilime. Tina ting'onoting'ono tochuluka zedi tili m'milomo, m'masaya ndi kumwamba kwa m'kamwa. Pa zotupa 10 za mu parotid, pafupifupi 8 sizikhala khansa. Koma kachiwalo kakamachepa, mpata woti chotupa chake chikhale khansa umakula. Choncho kachotupa ka kumwamba kwa m'kamwa sikofunika kukapeputsa.

Vuto lalikulu ndi loti dzanja silingasiyanitse zotupazi. Mucoepidermoid carcinoma, khansa yomwe imapezeka kwambiri m'tiziwaloti, imatha kukula pang'onopang'ono osapweteka. Adenoid cystic carcinoma imayenda motsatira mitsempha ndipo imatha kukaonekera m'mapapo patapita zaka. Ngakhale pleomorphic adenoma, yomwe si khansa, ikakhala zaka zambiri imatha kusanduka khansa. Kuno kwathu palinso zina zosokoneza: TB imatupitsa anabere a m'khosi, ndipo HIV imabweretsa zotupa zamadzi mu parotid, kawirikawiri mbali zonse ziwiri.

Matsagwidi amaphwa pasanathe masabata awiri. Chotupa chomwe chapitirira masabata atatu chiyenera kuonedwa ndi dokotala. Tumizani wodwala mwachangu ngati chotupa chili cholimba ndi chosasuntha, chayamba kukula mofulumira, chachita chilonda, kapena pali dzanzi. Muuzeni amwetulire, atseke maso, akweze nsidze. Mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa mkati mwa parotid, kotero mbali imodzi ikafooka pali chotupa, chimenecho ndi chizindikiro choopsa.

Musang'ambe chotupa chotere poganiza kuti ndi chithupsa, ndipo langizani abale kuti asatemerepo mphini. Mpeni ungadule mtsempha uja, nkhope n'kupotoka mpaka kalekale, komanso ungamwaze maselo a chotupacho.

Kuchipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, madokotala amaunika ndi ultrasound, kenako amatenga maselo ochepa ndi singano yopyapyala kuti akawayeze ku labotale. Ndondomeko ya Milan, yomwe inatuluka mu 2018, imaika zotsatira za kuyezaku m'magulu 6 malinga ndi chiopsezo cha khansa. Nthawi zina singano siyipereka yankho lomveka chifukwa mitundu ya khansayi imaposa 20 ndipo ina imafanana ndi zotupa zosaopsa. Zikatero, yankho lenileni limabwera chotupa chonse chikachotsedwa pa opaleshoni n'kuyezedwa. Mufotokozereni wodwala zimenezi asananyamuke, kuti akauzidwa kuti abwerenso asataye mtima n'kubwerera kwawo osamaliza.

Pa kalata yotumizira wodwala lembani nthawi yomwe chotupa chinayamba, kukula kwake m'masentimita, mmene nkhope ikuyendera, ndi zotsatira za HIV ngati anayezetsa. Pakatha mwezi, mulondoleni kumudzi mumve ngati anafikadi kuchipatala.