KODI ANA A M'LILONGWE ADZASEWERA KUTI?

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu amene anakulira ku Kawale kapena ku Biwi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mukamfunsa za ubwana wake, sayamba ndi za sukulu ayi. Amayamba ndi za pabwalo. Pakuti masiku amenewo mwana akaweruka, nadya nsima, natha ntchito zimene amake amtuma, ankatuluka osaonekanso kufikira dzuwa litalowa.

Choseweretsa chogula kusitolo chinali chosowa ndithu. Anyamata ankatola mawaya nawapinda kukhala galimoto ya chiwongolero chachitali, yoyendetsa mwini ali chiimire, ndipo mateyala ankadula ku patapata zakutha. Mpira unali wachikulunga, wa nsanza ndi mapepala apulasitiki, wolukidwa bwino ndi zingwe. Ndipo mwini mpira, ngakhale akhale wosadziwa kumenya, sankasiyidwa kunja. Atsikana anali ndi phada, jingo ndi fulaye, m'mene mmodzi amazinda mpira pakati pa anzake uku akudzaza mchenga m'botolo. Ang'onoang'ono ankaumba ng'ombe zadongo kudambo ndi kuphika masanje, ndipo mwezi ukawala kunali chipako.

Awerengi athu asayese kuti kumeneku kunali kutaya nthawi. Mwana wopinda waya ankaphunzira kuyeza ndi kupirira, ndipo ana oweruzana okha pa chigoli ankaphunzira chilungamo popanda mkwapulo. Luso limeneli linamveka ndi kunja komwe: mu 1990 Karen Lynn Williams anatulutsa ku America buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa kuno kwathu wopanga galimoto yamawaya. Ndiponso William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene mu 2002 anamanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ndi zipangizo za njinga, ndi chipatso cha mwambo womwewo wosanyoza chotayidwa.

Tsono nanga nchiyani chikupha masewerawa? Ambiri amaloza chala kanema, amene anayamba kuulutsidwa m'dziko muno mu 1999, ndi mafoni a m'manja. Zimenezo zilipo, koma ife tikuti nkhani yaikulu ndi malo. Pa kalembera wa 1966 anthu a m'Lilongwe sanali kukwana 20,000. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange mzinda watsopano, ndipo likulu la Boma linachoka ku Zomba kudza kuno mu 1975. Pofika kalembera wa 2018 anthu anali 989,318. Madera monga Area 25 anayezedwa ndi kugawidwa mapuloti, koma anthu anachuluka koposa mapulotiwo, kotero ambiri anakamanga ku Chinsapo ndi kwa Mgona, nyumba kugundana ndi nyumba. Tchire limene ana ankatcheramo mbalame lero ndi midadada ya lendi; dambo lasanduka munda kapena malo oumbirapo njerwa.

Chotero mukayenda madzulo mu Area 23 mudzaona kuti chikulunga sichinafe. Ana akuchimangabe monga ankachitira atate awo, koma akuchimenyera pamsewu, zigoli zili miyala iwiri, masewera akuima pamene minibasi kapena wakabaza adutsa. Kholo loopa ngozi litsekera mwana kumpanda, ndipo pamenepo mpomwe foni ipambana.

Boma linachita bwino kutipatsa bwalo lalikulu la Bingu, limene linatsegulidwa mu 2017. Koma wosewera amene adzavale malaya a Flames pabwalo limenelo sayambira pamenepo. Ayambira pafumbi, pafupi ndi khomo la amake.

Nchifukwa chake tikupempha antchito a Boma oyeza ndi kugawa malo kuti podula mapuloti atsopano azisiya bwalo la ana, ndipo likasiyidwa alitchinjirize kwa ofuna kumangapo. Aphunzitsi nawonso ali ndi mbali yawo, pakuti m'madera ambiri bwalo la sukulu ndilo latsala lokha. Gwirizanani ndi makomiti a makolo kuti ana azisewerapo akaweruka, ndipo mwana akabwera ndi galimoto yamawaya musamlande. Mfunseni m'mene anaipangira. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba, koma mtengowo uyenera kukhala ndi pomera.