PAMENE KOMPYUTA YAKANA

Ambiri a ife amene tayamba kuphunzira Python, tikalakwa pang'ono timangokweza dzanja ndi kunena kuti, "Aphunzitsi, yakana." Mau amenewa sathandiza munthu ali yense. Kompyuta ikakana imanena cifukwa cace, koma ife timaopa mizere ya Cingerezi ija osaiwerenga.

Ndinene za ine mwini. Tinapatsidwa ncito yolemba pulogalamu yofunsa munthu zaka zace ndi kumuuza zaka zimene adzakhala nazo caka camawa. Ndinalemba zaka = input() ndipo pansi pace print(zaka + 1). Makina anakana. Ndinangokhala duu kufikira belu linalira, ndipo pakuti timalowa m'cipinda ca makompyuta kamodzi kokha pa mlungu, ndinataya mlungu wathunthu.

Mlungu winawo mnzanga wa m'Fomu 4 anandiuza kuti uthenga wotere tiziyamba kuuwerenga pansi. Mzere wotsiriza unali ndi mau akuti TypeError, ndipo pamwamba pace panali nambala ya mzere umene ndinalakwa, ndiwo waciwiri. Tanthauzo lace ndi ili. Mu Python 3, imene inaturuka m'caka ca 2008, ciri conse cimene munthu alemba poyankha input() cimatengedwa ngati mau. Tsono 16 wanga uja makina anamuona monga aonera dzina la munthu, ndipo dzina simungaliwonjezere 1. Mankhwala ace ndi kulemba int(input()) kuti mauwo asanduke nambala.

Coopsa kweni-kweni ndi pamene makina sadandaula konse. Mukafunsa manambala awiri mwa njira yolakwayo, 5 ndi 7, yankho limabwera 57, pakuti makina angolumikiza mau awiri.

Cifukwa cace pofunsa cithandizo, kaya kwa aphunzitsi kaya kwa mnzanu, nenani cimene munalemba, cimene munayembekeza kuona, ndi cimene caoneka. Ngati nthawi yatha, koperani zonse m'kope monga ziriri, pamodzi ndi mipata ya kumayambiriro kwa mizere, pakuti Python amawerenga ndi mipata yomwe. Ine ndaona anyamata ena akukopera mwa cisawawa, ndipo wowathandiza ku dormitory anavutika usiku kufuna colakwa cimene sicinalipo pa makina.

Mnzanga uja anakana kugwira keyboard. Tsiku lomwelo ndinamuyesa wouma mtima, koma int uja ndinamulemba ndi zala zanga, ndipo makina anayankha 17.