Thandizo kwa Ana Osauka Osankhidwa Kupita ku Yunivesite

Chaka chilichonse, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikalengezedwa, m'midzi yambiri mumamveka nthungululu. Pakapita miyezi, maina a osankhidwa kupita ku yunivesite amatuluka, ndipo apa m'pamene chimwemwe cha makolo ena chimasanduka nkhawa. Mwana wakhoza ndithu, malo wapeza, koma ndalama zoti apitire kumeneko palibe.

Anthu ambiri amaganiza kuti vuto ndi fizi yokha, koma fizi ndi mbali imodzi chabe ya katundu amene wophunzira amasenza. Mwana wochokera ku Nsanje kapena ku Chitipa ayenera kulipira ulendo wa ku Zomba, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Atafikako, pafunika malo ogona, chakudya, mabuku, sopo, ndiponso masiku ano kompyuta. Banja lodalira munda limaona ndalama kamodzi pachaka, nyengo yokolola. Limagulitsa mbuzi chaka choyamba, njinga chaka chachiwiri, ndipo zogulitsa zikatha mwana uja amabwerera kumudzi maphunziro asanathe.

Boma linakhazikitsa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede mu 1965 ayi, koma mu 2015, patatha zaka 50 chitsegulire Yunivesite ya Malawi. Ngongoleyo yapulumutsa ambiri, komabe siikwanira onse, ndipo imayenera kubwezedwa. N'chifukwa chake mipingo, makampani, mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino amapereka thandizo lina losabweza, limene ophunzira amalitchula kuti sikolashipu.

Mbiri ya Legson Kayira ionetsa bwino m'mene thandizo lotere limayendera. Mnyamatayu, wochokera kumpoto kwa dziko lino, ataphunzira ku Livingstonia ananyamuka wapansi mu 1958 kukafuna maphunziro ku America. Ali ku Kampala, m'dziko la Uganda, analembera kalata sukulu ya Skagit Valley College ya m'chigawo cha Washington, ndipo sukuluyo inamulonjeza malo ndi sikolashipu. Koma lonjezolo likadapita pachabe, pakuti iye analibe ndalama za ndege. Ophunzira a pasukulupo pamodzi ndi anthu wamba a m'deralo ndiwo anasonkha ndalamazo, ndipo Kayira anafika ku America mu 1960. Pambuyo pake anaphunzira ku Cambridge nakhala mlembi wodziwika wa mabuku.

Chimodzimodzi William Kamkwamba wa kwa Wimbe m'boma la Kasungu. Iye analeka sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya mu 2001 ndi 2002. Makina ake opanga magetsi ndi mphepo atadziwika, anthu achifundo anamubwezera kusukulu, mpaka anatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College mu 2014.

Komatu awiriwa anachita mwayi womveka kutali. Ana ambiri anzeru sadziwika kupyola malire a mudzi wawo, motero thandizo lenileni ndi lija lochita kuwafunafuna komwe ali. Bungwe la CAMFED, limene Ann Cotton analiyambitsa mu 1993 pothandiza atsikana 32 ku Zimbabwe, ndipo linafika m'Malawi mu 2009, limatsata njira imeneyi. Posankha woti athandizidwe, limamva kwa aphunzitsi, makolo ndi atsogoleri a m'deralo, chifukwa iwo ndiwo adziwa khomo limene moto sukoleka tsiku lililonse. Limalipiranso zinthu zooneka zazing'ono monga yunifolomu, nsapato ndi makope, pozindikira kuti mtsikana amene walephera kutsiriza Fomu 4 sangaone n'komwe chipata cha yunivesite.

Phindu la thandizoli silithera pa munthu mmodzi. Mu 1998, atsikana oyamba kuthandizidwa ndi CAMFED anapanga gulu lawo lotchedwa CAMA, ndipo mamembala ake akayamba ntchito kapena bizinesi amalipirira sukulu ana ena a kwawo. Mphunzitsi, namwino kapena mlangizi wa zaulimi amene anakulira m'umphawi amadziwa mavuto a anthu akumudzi popanda wina womufotokozera.

Ntchito imeneyi siidikira mabungwe akunja okha. Mpingo ungathe kupatula chopereka cha Lamlungu limodzi pachaka. Amene anaphunzira pasukulu imodzi angathe kusonkherana kuti alipirire mwana mmodzi wa pasukulupo. Chofunika n'chakuti osankha achite chilungamo, osakondera wachibale, ndiponso kuti thandizo likayamba lipitirire mpaka chaka chomaliza, pakuti kumusiya mwana pakati pa mtsinje n'kutaya ndalama zonse zimene zinalowa kale. Akuluakulu adanena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mudzi umene wasonkhera mwana wa mayi wamasiye ndalama za basi lero ndi womwewo udzapeze dokotala wake mawa.